Mmene Mungapemphere Ndalama Zokonzera Msewu wa M'dera Lanu Kuno ku Harare

Kulikonse kumene anthu athu akumana, kaya ndi kutchalitchi, kumzikiti kapena ku bungwe la maliro, sipalephera kupezeka wondifunsa kuti, "Kodi amene amapereka ndalama zokonzera misewu ndani, ndipo kalata yake timalemba bwanji?" Afunsapo a ku Mabvuku ndi Tafara, afunsaponso a ku Mufakose, Dzivarasekwa ndi Mbare. Popeza yankho la poimirira silifika pa mfundo zonse, ndaganiza zolemba kamodzi kuti muziwerenga modekha ndi kutumizirako anzanu.

Ndiyambe ndi mfundo imene ambiri sakondwera nayo. Kalata yopempha ndalama ndiyo gawo lopepuka pa ntchito yonseyi, ndipo imabwera kumapeto. Msewu wodutsa pakhomo panuwo uli ndi mwini wake, amene kawirikawiri ndi khonsolo, ndipo palibe bungwe losamala ndalama zake limene lingavomere kukumba pamalo a eni popanda chilolezo cholembedwa. Miyezi yambiri mudzaithera pokonzekera ndi poyenda m'maofesi, choncho tsatirani ndondomekoyi mmene yaikidwira.

1. Fufuzani mwini msewu weniweni

Misewu ya m'malokeshoni akale monga Mbare, Highfield, Kambuzuma, Mufakose ndi Mabvuku ili m'manja mwa khonsolo ya mzinda wa Harare. Ngati mumakhala ku Epworth, ofesi yanu ndi Epworth Local Board, ndipo a ku Chitungwiza ndi ku Ruwa nawonso ali ndi makhonsolo awoawo.

Povuta ndi m'madera atsopano, kumene masitandi, kapena kuti mapuloti, anagawidwa ndi makopaletivi a nyumba kapena makampani ogulitsa malo. Kumeneko udindo womanga msewu, ngalande ndi mapaipi umakhala wa wogawa maloyo kufikira khonsolo itayendera ntchitoyo ndi kupereka chikalata chovomereza chimene amati certificate of compliance. Ngati chikalatachi sichinatuluke, khonsolo idzakuyankhani kuti msewuwo sinaulandire, ndipo amene muyenera kuyamba kukhala naye pansi ndi wogawa maloyo. Tengani bilu ya nyumba, pitani ku ofesi ya khonsolo ya m'dera lanu, imene ambiri amangoti district office, mukapemphe kuona mapu a deralo ndi kuuzidwa dzina la msewuwo mmene linalembedwera m'mabuku awo.

2. Khazikitsani komiti imene anthu angaikhulupirire

Anthu asanu kapena asanu ndi awiri ndi okwanira. Musadzaze komiti ndi eni nyumba okhaokha, chifukwa m'malokeshoni athu ambiri ndi ochita lendi, ndipo ndiwo amaponda matope m'mawa uliwonse. Mukhale amayi ogulitsa pamsika, wachinyamata wodziwa kompyuta, ndiponso woyendetsa kombi kapena mushikashika, timagalimoto tija tonyamula anthu mopanda chilolezo, popeza iye amadziwa dzenje lililonse. Zipani zandale zisiyeni kunja. Komiti ikangodziwika kuti ndi ya chipani chakuti, theka la anthu lidzakana kusonkha ndipo opereka thandizo adzabwerera m'mbuyo.

Pali akuluakulu athu ena amene amaopa kusaina chilichonse chifukwa zitupa zawo zinalembedwa kuti ndi alendo. Atsimikizireni kuti malamulo oyendetsera dziko a mu 2013 amati munthu wobadwira mu Zimbabwe malamulowo asanayambe kugwira ntchito, amene kholo lake linali nzika ya dziko la mu SADC monga Malawi, Zambia kapena Mozambique, ndipo iye ankakhala muno pamene malamulowo anayamba kugwira ntchito, ndi nzika yobadwira. Kuwonjezera apo, kudandaula za msewu sikufuna unzika, kumangofuna kuti mukhale wokhala pamalopo.

Komiti ya m'mudzi payokha singalandire ndalama zochokera kunja. Lamulo loyendetsa mabungwe othandiza anthu, la PVO, linasinthidwa mu 2025 ndipo linakhwimitsa kalembetsedwe, kotero njira yachidule ndi kugwirizana ndi bungwe lolembetsedwa kale kuti ndilo lisaine ndi kusunga ndalama. Lingakhale mpingo wokhazikika monga wa CCAP, umene uli ndi sinodi yake kuno ku Harare, kapena bungwe lina logwira ntchito m'dera lanu. Mabungwe a anthu okhala mumzinda monga Combined Harare Residents Association ndi Harare Residents Trust amadziwa makomo a khonsolo, ndipo ndi bwino kuwafunsa nzeru. Ndalama zosonkha ziziikidwa ku akaunti ya kubanki yokhala ndi osainira atatu. Ndalama za anthu zisalowe mu akaunti ya pafoni ya EcoCash ya munthu mmodzi, ngakhale akhale mkulu wa mpingo, chifukwa kukayikirana kukayamba komiti imatha.

3. Sankhani chigawo chimodzi, ndipo tsatirani madzi

Cholakwa chofala ndi kupempha ndalama zokonzera lokeshoni yonse. Sankhani chigawo chimodzi chachifupi, cha mamita 300 kapena 500, chimene chimathandiza anthu ambiri, monga chopita kukiliniki, kusukulu, kumsika kapena pokwerera makombi. Mukangana pa mfundo imeneyi chifukwa aliyense adzafuna kuti ntchito iyambire pageti pake, choncho gwirizanani pamsonkhano wa onse ndipo mulembe m'buku.

Mukasankha, muyende m'chigawocho mvula ikugwa, pakati pa Disembala ndi Febuluwale. Chimene chimapha msewu ndi madzi. Phula likang'ambika pang'ono, madzi amalowa pansi ndi kufewetsa dothi lotsenderedwa limene limasenza katundu, kenako tayala la lole likapondapo phula limatitimira ndi kuphwanyika, ndipo kadzenje kongokwana mbale kamakula kufika pomeza tayala lonse mvula isanathe. Ndiye chifukwa chake zidutswa za njerwa zimene anyamata amathira m'maenje, uku akupempha kangachepe kwa oyendetsa magalimoto, sizikhalitsa. Onani kumene madzi akuchokera, pamene akuima ndi kumene akuyenera kutulukira. Onani ngalande zimene zadzaza mchenga, mabotolo ndi matewera, onani makalavati otsekeka, onani pamene munthu anakwirira ngalande kuti galimoto lake lizilowa pageti, ndi pamene ena alima chimanga m'njira ya madzi. Ngati pena pamakhala ponyowa ngakhale mu Seputembala, dziwani kuti pansipo pali paipi yophulika kapena suweji yotuluka.

Yezani utali ndi mulifupi ndi tepi, jambulani zithunzi zosonyeza tsiku, ndipo werengani nyumba ndi mabanja amene amadutsa pamenepo. Pemphani kalata kwa ahedi a sukulu ndi kwa anamwino aakulu a pakiliniki yofotokoza zimene iwo amaona. Lembani zoona zokhazokha. Opereka thandizo amabwera kudzaona okha, ndipo nambala imodzi yokokomeza imagwetsa zonse.

4. Pezani chilolezo ndi mitengo kuchokera ku khonsolo

Apa ndi pamene makomiti ambiri amagwera mphwayi, ndipo malangizo ambiri amangodumphapo ngati ndi nkhani ya tsiku limodzi.

Yambani ndi akhansala a wodi yanu. Apempheni kuti iwo ndiwo aitanitse msonkhano wa anthu, popeza msonkhano woitanidwa ndi akhansala suvuta pa nkhani ya zilolezo, ndipo zokambirana zake zimakhala ndi mphamvu. Koma kumbukirani kuti mawu a pakamwa a akhansala, ngakhale akhale okoma chotani, si chilolezo cha khonsolo. Akhansala sasaina mapangano m'malo mwa mzinda.

Lembani kalata kwa mlembi wamkulu wa mzinda, a Town Clerk, ku Town House pa msewu wa Julius Nyerere, ndipo kope lina lipite ku nthambi yoona za zomangamanga ku Cleveland House pa msewu wa Leopold Takawira, lina ku ofesi ya m'dera lanu. Kulikonse kumene mwapereka kalata, nyamulani makope awiri kuti lina adindepo chidindo cha tsiku ndi kukubwezerani. M'maofesi akuluakulu onse makalata amasochera, ndipo kope lodindidwalo ndilo umboni wanu wokhawo.

M'kalatamo pemphani zinthu zitatu momveka bwino. Choyamba, injiniya wa khonsolo abwere kudzayendera chigawocho pamodzi ndi komiti. Chachiwiri, akupatseni chojambula cha ntchitoyo ndi chikalata chimene akatswiri amachitcha BOQ, chomwe ndi mndandanda wa zonse zofunika: kuchuluka kwa dothi lokumba, gravel, miyala, simenti, mapaipi a makalavati, phula, maola a makina, ndi mtengo wa chilichonse. Chachitatu, akupatseni chilolezo cholembedwa, makamaka pangano losainirana lotchedwa MOU, lonena kuti khonsolo yavomera ntchitoyo, idzaiyang'anira, ndipo msewu ukatha idzaulandira ndi kuusamalira.

Dziwani kayendedwe ka nkhani m'kati mwa khonsolo kuti musamagogode pakhomo lolakwika. Akatswiri a nthambi amalemba lipoti, lipotilo limapita ku komiti ya makhansala yoona za ntchitozo, ndipo komitiyo ikavomereza, nkhani imakafika ku msonkhano wa makhansala onse umene umamanga chigamulo. Pa sitepe iliyonse funsani kuti, "Kodi fayilo yathu ili pa desiki ya ndani tsopano, ndipo komiti ikumana liti?" Msonkhano wa makhansala onse anthu amaloledwa kukhalapo ndi kumvetsera, choncho pitani tsiku limene nkhani yanu ikukambidwa, ndipo pambuyo pake pemphani kope la chigamulocho. Tumani anthu awiri omwewo nthawi zonse, akhale ndi kabuku kolembamo tsiku, ofesi ndi yankho. Mukamasinthasintha nthumwi, ulendo uliwonse mudzayambiranso kufotokoza pachiyambi.

Tsiku limene ainjiniya abwera, musawatenge molunjika pa dzenje lalikulu. Atengeni kumene madzi amachokera ndi kumene amathera, muwasonyeze zithunzi za nthawi ya mvula. Apempheni mitengo ya njira zitatu. Yotsika ndi yokumba ngalande, kuziyala miyala ndi simenti, kuika makalavati, kenako kuthira gravel ndi kutsendera bwino. Yapakati ndi yomwe amati chip and spray, pamene amathira phula lamadzi ndi kuwazapo timiyala. Yokwera kwambiri ndi ya asphalt, phula lokandapala losakaniza kale ndi miyala. Maganizo anga ndi akuti dera losauka liyambe ndi njira yoyambayo. Msewu wa gravel wokhala ndi ngalande zabwino ndi msana wokwera pakati, kuti madzi azitsetserekera m'mbali, umaposa phula lokongola lothiridwa pa dothi lonyowa. Kuwonjezera apo, ntchito ya ngalande imagwiridwa ndi manja, kotero ndalama zina zimatsalira achinyamata a m'dera momwemo.

Musaiwale zimene zili pansi pa msewu. Funsani a nthambi ya madzi ya khonsolo za mapaipi a madzi ndi a suweji, ndipo a magetsi a ZESA ndi a matelefoni a TelOne akusonyezeni pamene padutsa mawaya awo. Paipi yotha ikasiyidwa, msewu watsopano udzakumbidwa chaka chisanathe. Ngati chigawo chanu chikudutsa padambo, kumene dothi lake ndi lakuda, lotupa m'dzinja ndi kung'ambika m'chilimwe, mtengo udzakwera ndipo mudzafunikanso kulankhula ndi a EMA, oteteza zachilengedwe. Gravel nayenso sakumbidwa paliponse popanda chilolezo.

Pemphaninso khonsolo kuti iikepo gawo lake. Ikati ilibe ndalama, funsani za giredala, makina otsendera, lole yotutira dothi ndi nthawi ya injiniya, inu n'kupeza dizilo. Zimenezi ziwerengedwe mtengo wake ndi kulembedwa m'panganolo, chifukwa opereka thandizo amalimba mtima akaona kuti mwini msewu naye waikapo dzanja. Ngati ainjiniya a khonsolo achedwa kwambiri, mungalembe ntchito injiniya wapadera wolembetsedwa ku Engineering Council of Zimbabwe, koma chojambula chake chiyenera kudindidwa ndi khonsolo musanachigwiritse ntchito.

Mudzafunsidwa za ngongole za mabilu a m'dera lanu. Musakwiye ndipo musaname. Konzekerani yankho, monga lakuti komiti ilimbikitsa mabanja kupangana ndi khonsolo za kalipiridwe ka pang'onopang'ono. Wina akakupemphani chiphuphu kuti fayilo iyende, kanani mwaulemu ndipo kauzeni akhansala, chifukwa ndalama yotero ilibe lisiti ndipo simudzatha kuifotokoza kwa anthu amene anasonkha.

5. Dziwani kumene kuli ndalama

Yambani ndi ndalama za boma, popeza ndi zanu kale. ZINARA, nthambi ya boma yoona za ndalama za misewu, imatolera ndalama za malaisensi a magalimoto ndi za pa matoligeti, ndipo imagawira makhonsolo ndi nthambi zina zosamalira misewu. Siipereka ndalama kwa makomiti a anthu. Ntchito yanu ndi kuonetsetsa kuti msewu wanu walowa pa mndandanda umene khonsolo imakonza chaka ndi chaka. Gawo 301 la malamulo oyendetsera dziko limati ndalama zosachepera 5 peresenti za zimene boma latolera zipite ku zigawo ndi makhonsolo, ndipo izi ndi zimene mumamva akuti ndalama za devolution. Palinso thumba la chitukuko cha dera, la CDF, limene limadzera kwa aphungu a Nyumba ya Malamulo. Ndi lochepa, koma lingagule makalavati kapena simenti. Mu 2021 boma linalengeza kuti misewu ya dziko lino ili pa ngozi ndipo linayambitsa ntchito yokonza mwachangu, koma ntchito zotero zimayambira pa misewu ikuluikulu, ndipo timisewu ta m'malokeshoni timafikiridwa pokhapokha pali oikumbutsa. Chaka cha ndalama cha khonsolo chimayamba mu Januwale, ndipo misonkhano yofunsa anthu maganizo pa bajeti imachitika m'miyezi yakumapeto kwa chaka. Mukapiteko muli ambiri, BOQ ili m'manja.

Mabungwe akunja nthawi zambiri sapereka ndalama za phula, chifukwa amati umenewo ndi udindo wa boma. Amamva msanga nkhani za umoyo, ukhondo, madzi osefukira ndi ntchito za achinyamata. Apa simukunama ayi. Kolera ya mu 2008 ndi 2009 inapha anthu oposa 4,000 m'dziko muno ndipo lokeshoni ya Budiriro inakhudzidwa koopsa, kenako mu 2018 matendawa anabukanso ku Glen View ndi Budiriro. Madzi oima osakanikirana ndi suweji ndi nkhani ya moyo wa ana anu. Ofesi ya kazembe wa Japan ili ndi thumba la ntchito zing'onozing'ono za m'midzi, ndipo maofesi ena a akazembe amalengeza mathumba awo nthawi ndi nthawi, choncho werengani malamulo a chaka chimenecho musanalembe. Phunziraninso ku Dzivarasekwa Extension, kumene khonsolo, bungwe la Dialogue on Shelter ndi Zimbabwe Homeless People's Federation anagwirira limodzi ntchito yotukula malo okhala ndi thandizo la Bill and Melinda Gates Foundation. Maziko ake anali magulu osunga ndalama, kalembera wochitidwa ndi eni dera, ndi mgwirizano ndi khonsolo.

Makampani amene malole awo amadutsa m'dera lanu, kaya ndi a m'madera a mafakitale a Msasa, Workington, Southerton kapena Willowvale, apempheni katundu m'malo mwa ndalama, monga simenti, miyala, dizilo kapena makina a masiku awiri. Ana anu a ku Johannesburg ndi ku London nawonso amasonkha akaona malisiti. Chenjerani ndi aliyense wofuna kuti mulipire kaye kuti akupezereni thandizo, chifukwa bungwe loona silipempha ndalama ya fomu.

6. Lembani pempho

Tsopano muli ndi zonse, ndipo kulemba sikutenga nthawi. Ngati bungwelo lili ndi fomu yake, gwiritsani ntchito imeneyo ndipo musapitirire masamba amene anena. Fotokozani vuto ndi manambala anu, ntchito imene ichitike, amene apindule, amene ayang'anire, ndi amene adzasamalire msewuwo pambuyo pake. Kumbuyo lumikizani mapu, zithunzi, BOQ, pangano ndi khonsolo, zokambirana za msonkhano ndi masaini a anthu.

Bajeti ilembedwe m'madola a ku America. Ndalama yathu ya ZiG, imene inayamba mu Epulo 2024, mtengo wake ungasinthe pakati pa tsiku lolemba ndi tsiku logula. Gawani bajetiyo patatu: za khonsolo, za anthu ndi zimene mukupempha. Thukuta la anthu liwerengedwe ngati ndalama. Ikani pafupifupi 10 peresenti ya zogwa mwadzidzidzi, ndipo musaiwale ndalama zimene banki imadula. Pempho limodzi musalitumize kwa onse mosasintha, chifukwa bungwe lililonse lili ndi zimene limaika patsogolo. Mukakanidwa, lembani kalata yothokoza ndi kufunsa chimene chinaperewera.

7. Ndalama zikafika

Ntchito igwiridwe m'chilimwe, pakati pa Meyi ndi Okutobala. Pezani mitengo kwa makontirakitala osachepera atatu, aliyense asonyeze chikalata cha msonkho cha ZIMRA, ndipo mupite nokha kukaona msewu umene anamanga zaka ziwiri zapitazo. Kontirakitala asakhale mbale wa membala wa komiti. Lipirani m'zigawo, chigawo chilichonse ainjiniya atasainira kuti chatha bwino, makamaka kutsendera dothi, chifukwa apa ndi pamene achinyengo amafulumizapo podziwa kuti phula lidzabisa. Sungani 5 kapena 10 peresenti ya malipiro mpaka msewu utapyola dzinja limodzi, ndipo zimenezi zilembedwe m'pangano kuyambira pachiyambi.

Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Msewu ukasalala makombi adzayamba kuthamanga pakati pa ana, choncho zitunda zochepetsa liwiro pafupi ndi sukulu ndi msika zilowe mu BOQ, ndipo zimangidwe movomerezedwa ndi khonsolo. Mwezi uliwonse matani pa bolodi la kutchalitchi kapena pa gulu la WhatsApp ndalama zimene zalowa ndi zimene zatuluka. Ntchito ikatha tumizani lipoti ndi malisiti kwa opereka thandizo pa tsiku limene munapangana, ndipo pemphani khonsolo kalata yolandira msewuwo. Sungani fayilo yonse pamalo amodzi, popeza ndiyo mudzayambire popempha za chigawo chachiwiri. Gawaninso ngalande kwa mabanja, banja lililonse chigawo cha kutsogolo kwa nyumba yake, ndipo ikani Loweruka limodzi mu Okutobala loti onse atuluke ndi mafosholo ndi mawilibala kukachotsa mchenga ndi zinyalala m'makalavati mvula yoyamba isanagwe.